Mpunga wa kuseri kwa mashelefu

Atakonza laibulale ya pasekondale yathu ku Golomoti, malata atsopano, pansi simenti, ine woyang'anira mabuku ndinaonapo nkhokwe. Ndinabisa matumba atatu a mpunga wanga wa ku Bwanje kuseri kwa mashelefu, poti kwathu kunkadontha.

Makoswe sanachedwe. Atakhuta mpunga anateketa buku la Bayoloje, limodzi lokhalo, mayeso ali pafupi.

Ahedi atandifunsa, ndinayankha osaphethira: "Ndi anawa, amadyera muno."

M'mawa mwake Tiyamike wa Folomu 4 anandipeza akulira. "Pepani aphunzitsi, ndinakukutiramo chimanga chokazinga ndine. Anzanga musawalange."

Ine n'kuti nditatsamira shelefu yomweyo, miyendo ikutchinga thumba.

"Usadzachitenso," ndinatero, nkhope ili gwa.

Mpunga uja ndinaumeza wonse, koma mawu amenewo adakali pakhosi mpaka lero.