Kalendala ya Chaka Chatha ndi Tsiku la Pasaka

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinatsala pang'ono kuwaphonyetsa bambo anga tsiku langa lolandira Ukaristia koyamba. Mwambowo unali wa pa Pasaka. Bambo ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo tchuthi ankawapatsa cha masiku awiri okha. Mayi atandituma kuti ndiwalembere kalata, tsikulo ndinaliona pakalendala ya pakhoma. Kwathu ku Nsaru kalendala ya zithunzi zokongola sitinkaitaya mpaka chiswe chiidye. Imene ndinaonayo inali ya chaka chatha.

Kalata itapita kale, ndinakadzitama kwa a Nankhoma, mayi amene ankatiphunzitsa katekisimu, kuti bambo abwera pakati pa Epulo. Anasiya kusenda mtedza n'kundiuza kuti Pasaka wa chaka chimenecho anali kumapeto kwa Malichi. Ine ndi pakamwa pangapa ndinatsutsa kuti Khirisimasi sisuntha, nanga Pasaka asunthe bwanji?

Sanandikalipire. Anandandalika njere khumi ndi ziwiri za mtedza pamphasa. Anati Ayuda amawerenga miyezi poyang'ana mwezi wa kumwamba, monga ankachitira makolo athu. Mwezi wawo wa Nisani umayamba mwezi ukangooneka, ndipo Pasaka amagwa pakati pake, mwezi uli wathunthu. Koma miyezi khumi ndi iwiri yotereyi imaperewera masiku khumi ndi limodzi pa chaka cha kalendala ya pakhoma. Asilamu saonjezerapo kanthu, n'chifukwa chake kusala kwawo kumagwa mwina m'dzinja, mwina m'chilimwe. Kenaka anaikapo njere ina. Ayuda, pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, amaonjezera mwezi wina, wotchedwa Adara wachiwiri, kuti Pasaka asachoke m'nyengo yake. Pasaka wathu nayenso amatsata mwezi wathunthu.

Apo n'kuti ine ndikulira kale, poganiza kuti bambo adzafika zonse zitatha.

"Pukuta misozi, mwana wanga," anatero. "Tenga pepala ulembenso."

Kalata yachiwiriyo anapita nayo okha panjinga kwa dalaivala wa lole yopita ku Kasungu. Pa Pasaka, ndikubwerera kumpando nditalandira, ndinawaona bambo ataima kumbuyo kwa tchalitchi, nsapato zili mbuu ndi fumbi.

A Nankhoma sukulu analekeza sitandade faifi, koma ankasunga makalendala atatu m'mutu, pamene ine wodziwa kulembane imodzi yokha inandisocheretsa. Lero ndimadziwa kuti tsikulo anandipatsa ndi iwo. Anamwalira ndisanawathokoze, ndipo zimandiwawabe.