Makina Amene Amayi Ankawapatsa Moni

Chaka chimene amayi anabwera kudzationa ku Leicester, ndinawagulira simu pakashopu ka pakona ku Highfields. Sindinadziwe kuti nambalayo inali ya munthu wina kale, ndipo munthuyo anathawa ngongole. Okhometsa ngongole anatsalira amayi anga, munthu woti sanakongolepo ngakhale mchere.

Foni inkalira m'mawa, masana, ngakhale tili pakati pa kudya. Ukayankha kunkayamba kaye kuti zii, kenako mawu ojambulidwa a mzimayi wachizungu, akuti lipirani. Amayi Chingelezi sachimva. Ankakhala tsonga, kukonza duku, basi: "Tili bwino, kaya inu anzathu? Ana ali bwanji kunyumba?" Ine ndinkaseka mpaka kugwira khoma.

"Amayi, amenewo ndi makina! Thimitsani foniyo."

"Ndithimitse? Mng'ono wako akachira andiuza ndani, iweyo?"

Apo ndiye panagona nkhani. Mng'ono wanga kumudzi anali ndi pakati, mwezi wake ukuyandikira, ndipo m'mbuyomo anapitapo padera. Kwathu netiweki timaipeza pachulu, ndiye mwamuna wake ankaimba ndi mafoni obwereka, nambala osaoneka n'komwe. Foni ikangolira amayi ankadzambatuka, mtima uli m'mwamba, n'kupeza ndi mzimayi wa ngongole uja. Moni ankamupatsabe. Zinkandiwawa, ndisaname.

Kutchalitchi kwathu ku Beaumont Leys kuli loya, mayi wa ku Zambia wolankhula ngati wailesi. Anatiuza kuti kampani ya ngongoleyo ikuvutitsa anthu ambirimbiri, ndipo akufuna kuisumira pamodzi. Koma choyamba khoti livomereze kuti tonsefe ndife gulu limodzi, dandaulo lathu ndi limodzi. Ine ndinati eya, amayi alembeni pompano!

Amayi anakana kwamtuwagalu. "Munthu woti ndimacheza naye tsiku ndi tsiku, ndikamusumire osakhala naye pansi? Muitaneni adzamwe tiyi, tikambirane ngati anthu."

Loya uja anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kuwapempha kuti abwere kumsonkhano wa odandaula adzaone okha. Tinakwera basi. Muholomo munali azungu, amwenye, Asomali, ndi bambo wina wokalamba wa ku Wigston amene makinawo ankamufunsa za mkazi wake womwalira. Tili momwemo foni ya wina inalira, mwiniwake n'kuiika pasipika kuti tonse timve. Mawu omwe aja a mzimayi wa ngongole, osasintha ngakhale pang'ono.

Amayi anagwira pakamwa. "Haa! Kani amaimbira aliyense? Ine ndimayesa ndi mnzanga!" Anasaina pepala la odandaula akutukutira ngati munthu woberedwa nkhuku.

Tsiku limene loya anatumiza uthenga kuti khoti lavomera gulu lathu, tinali kukhitchini. Mlandu weniweni unali usanayambe n'komwe, koma ife ndiye tinavina! Ine ndi mthiko m'manja, amayi nthungululu, mpaka mzungu woyandikana nafe anagogoda khoma. Mwadzidzidzi foni inalira, nambala yobisika. Amayi anandikankhira kumbali.

"Ndisiye. Lero andimva."

Kunati zii, monga mwa masiku onse. Amayi anakoka mpweya.

"Iwe! Wopanda mwambo iwe! Wandisowetsa mtendere, galu wachabechabe! Tikaonana kukhoti, ndipo udziwe kuti tilipo gulu!"

Kunati ziinso. Kenako kunamveka mawu aamuna, akutali, onjenjemera.

"Amayi, ndine mkamwini wanu. Ndalakwanji kodi?"

Mayo ine! Amayi ndi mkamwini wawo sayang'anana kumaso. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Ndiye lero amutchula galu, kuchokera ku Ulaya! Amayi anagwada pansi pomwepo, foni ataigwira ndi manja awiri, "Pepani bambo, pepani, si inu, ndi mayi wina wa kuno." Ine ndinali nditagwera pampando, m'mimba mukupweteka ndi phwete.

"Palibe kanthu, amayi. Ndimati ndikudziwitseni kuti kwabwera mlendo. Wamkazi. Mayi ake ali bwinobwino."

Kuseka kwanga kunathera pomwepo. Amayi sanadzuke. Misozi inali chuchuchu, kudonthera pachitenje.

"Nenaninso, bambo."

Ananenanso, mawu omwewo, osasintha.

"Nenaninso," anatero amayi.