Buku lomwe tinalicheka ndi lezala

Lolemba aphunzitsi athu a Bayoloje, a Mbewe, analowa m'kalasi atanyamula buku ndi lezala. Tinkayesa akufuna kusongola pensulo. Koma iwo anatsegula bukulo n'kuyamba kulicheka kumsana.

Kalasi yonse inakuwa.

"Aphunzitsi, ahedi akudziwa zimenezi?" anafunsa Tadala, mnzanga wa desiki imodzi.

"Adzadziwa tikamaliza," anayankha a Mbewe, osadzutsa n'komwe mutu.

Mundimvetse, awerengi. Buku la Bayoloje la Fomu 3 pasukulu pathu ku Mlonyeni ndi limodzi lokha. Timabwereka potsata mayina kuyambira pa A, ndipo ine ndine wa kwa Zulu. Mayeso a teremu akanandipeza ndisanaligwire.

A Mbewe analigawa mutu uliwonse pawokha, n'kundipatsa mulu wonsewo. Akuti bambo anga, poti amasoka fodya, sangalephere kusoka mapepala.

Bambo atauona muluwo anagwira pakamwa.

"Mwana iwe, wang'amba buku la boma? Ukufuna ndikagone kupolisi ku Boma?"

Nditawalongosolera anaseka, n'kutenga singano yosokera matumba. Zikuto tinapanga ndi makatoni a sopo amene anatipatsa a Jafali a golosale. Nawonso sanatisiye: "Ukadzakhala dokotala, jakisoni wanga asadzapweteke."

Akusoka, bambo anandiuza za nthawi yawo. Mabuku analipo, akutero, koma ankakhala m'kabati mu ofesi ya ahedi, kiyi ali m'thumba. Ana ankangowaona pagalasi akapita kukalandira chilango. Buku limodzi la mapu analisirira mpaka kusiya sukulu, osalitsegulapo.

"Linali loyera bwino," anatero. "Chiswe ndicho chinaliwerenga."

Kodi zimenezi zinatha? Ayi ndithu. Ndikudziwa sukulu zina kumene mabuku amphatso akadali m'makatoni, amangotulutsidwa kukabwera alendo. Kunyumba zathu n'chimodzimodzi. Buku timalisunga ngati mbale zagalasi, mwana akaligwira timamukalipira kuti alidetsa. Laibulale yeniyeni kwa ife ili kutali, ndipo si kholo lililonse lingalole mtsikana kukwera kabaza kukangowerenga.

Sindikunena kuti aliyense atenge lezala, ayi. Inenso mtima unandiwawa pomva pepala likung'ambika. Tikanakhala ndi mabuku okwanira, palibe akanalota zotere. Koma walira mvula walira matope. Tikufuna ana owerenga, ndiye tivomere kuti mabuku adzada, adzapindika, ena adzasokedwa ndi ulusi wa matumba.

Lachitatu ndinagona ndi mutu wa kayendedwe ka magazi. Tadala anatenga wa zomera, kutacha tinasinthana pachitsime. Ngakhale anyamata okhala kumbuyo aja anali ndi timabuku m'manja.

Mantha anatsala pa ahedi. A Mbewe akanatha kudzudzulidwa, ife n'kulandidwa timabuku tathu.

Lachisanu ahedi analowa tili pakati pa phunziro. Anatola kamodzi, n'kukatembenuza, n'kukoka ulusi kuti aone ngati ndi wolimba.

"Wasoka ndani?"

"Bambo anga," ndinayankha.

"Ukawauze kuti la Masamu likubwera mawa."

Tsono inu amene mumasunga kiyi wa kabati ya mabuku, kaya kusukulu, kutchalitchi, kumzikiti kapena kunyumba, ndikufunseni mwaulemu: mukuwasungira ndani amene sanabadwe, pamene ife tili pano?