Botolo la madzi a ku Beira

Mlamu wanga Rosa atapita ku Beira, ankanditumizira zithunzi pafoni tsiku lonse: akuyenda pamchenga wopanda nsapato, akudya nkhanu, akuonerera zombo. Ine ndinali pamsika kuno ku Tete, thukuta lili kamukamu, ndikuingitsa ntchentche pa tomato.

Nsanje itandikwana ndinamuyankha kuti, "Ku Beira ndinapitako kalekale, kulibe chachilendo." Chonsecho chibadwire nyanja sindinaionepo.

Rosa atabwerako, tinakumana kwa apongozi, ndipo anagawira abale onse timabotolo ta madzi a m'nyanja, monga amachitira ochokera kumeneko. Atafika pa ine anamwetulira. "Inu alamu sindinakutungireni, poti munapitako kale."

"Mwachita bwino," ndinatero.

Apongozi atangotuluka panja, ndinatsegula kabotolo kawo mwakachetechete n'kunyambita chotsekera. Amanena zoona anthu, madzi a m'nyanjayi ndi amcheredi.