Odi pa Makatoni a Achimwene

Ndinapita ku Limbe chingwe chili m'chikwama. Achimwene anga, amene mutu unawasokonekera, anali atatha miyezi akugona pakhonde la sitolo ina pafupi ndi depoti, ndipo kwathu tinagwirizana zokawamanga basi. Ndinatsagana ndi amayi amodzi a gulu lothandiza anthu ogona m'misewu, koma za chingwecho sindinawauze.

Tinawapeza atakhala pamakatoni awo, mwala uli m'manja. Oitanira minibasi anatizungulira akukuwa kuti, "Wamisalayo akuswani mutu!" Ndinawalalatira kuti asamale pakamwa, chonsecho dzanja langa linali litagwira kale chingwe.

Amayi aja anaima chapatali pang'ono, nawomba m'manja ngati afika pakhomo pa munthu.

"Odi kuno, bambo!"

Achimwene anawayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anaika mwala pansi, nasasa fumbi pakatoni imodzi.

"Lowani, mayi. Pepani, mpando palibe."

Patapita masabata angapo achimwene anavomera kupita kuchipatala, akuyenda okha. Chingwe chija ndimayanikapo zovala, ndipo chimandichititsa manyazi mpaka lero. Mlendo anakumbukira kuodira, ine m'bale wawo ndinabwera ngati ndikudzagwira mbuzi.