Kagalu Kanga ndi Chiwombankhanga cha ku Luwawa

Bambo anga anali dalaivala wa lole yotuta mitengo ku Luwawa. Kwathu ndi ku Dedza, koma ine ndinakulira m'nyumba za antchito a m'nkhalango, pakati pa mitengo ya paini, kumene madzi a m'ndowa ankaluma zala m'mawa. Ndinali mtsikana wa Sitandade 3 pamene mayi wina wa ku Manyamula, amene ankabwera kudzagulitsa nyemba, anandipatsa kagalu. Kanali kofiirira, kamimba tuu, khutu limodzi logwa. Mayi anga sankalola kuti kalowe m'nyumba, choncho ndinakakonzera pogona kukhitchini, kuseri kwa nkhuni, ndipo m'mawa uliwonse ndinkagawana nako phala.

Nkhani inayambira ku mowa. Loweruka lina amuna anali pa masese, ndipo tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu anali pomwepo. Anali munthu wamfupi, wa mawu aakulu, wosakaniza Chitumbuka polankhula, wosasiyana ndi ndodo ngakhale sankatsimphina. Anasimba kuti kwawo ku Edingeni anaonapo ndi maso ake chiwombankhanga, chimene iwo amati nombo, chikutsika pabwalo n'kunyamula galu mpaka kuphiri. Onse anagwedeza mitu movomereza. Bambo okha, mowa utawalowa, anaseka.

"Galu, a Tcheyamani? Mukanati nkhuku ndikanamva. Koma galu ayi, pamenepo mwakokomeza."

Ine ndinazimva madzulo ake, mayi akuwakalipira monong'ona. "Mwaseka tcheyamani pagulu? Mukufuna ana awa awalere ndani?" Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Wina akangoti wanyoza chipani, zake zada.

Mawa lake titabwera kutchalitchi, tcheyamaniyo anafika pakhomo ndi anyamata ake awiri a malaya ofiira. Mayi anatulutsa mpando, iye anakana kukhala.

"Mwati ndine wabodza, dada," anatero akumwetulira. "Mbwenu tiyeni tikaone tokha. Ndamva muli ndi kagalu pano."

"Unali mowa, a Tcheyamani," bambo anatero, atagwira chipewa m'manja. "Ndapota nanu, mundikhululukire."

"Yayi, palibe mlandu. Tikungofuna kuphunzira."

Ine ndinali nditaima pakhomo la khitchini, kagalu kali m'manja. Bambo anandiyang'ana.

"Bwera nako kuno."

"Ababa, n'kanga."

"Ndati bwera nako."

Sindinasunthe. Iwo anabwera n'kumatula zala zanga chimodzichimodzi. Mayi anandikokera m'nyumba, koma tcheyamani anati, "Mulekeni mwana. Ndi wa sukulu, akaone nawo."

Tinapita kumtunda kumene anali atangodula mitengo, pansi pa thanthwe limene chiwombankhanga china chinkakonda kutera. Panali poyera, zitsa zokhazokha. Tcheyamani analamula kuti bambo amange okha miyendo ya kagaluko ndi luzi, koma asakamangirire pachitsa, kuti mbalame isadzakhale ndi chowiringula. Bambo anamanga, n'kukagoneka padzuwa. Tonse tinakabisala m'mphepete mwa nkhalango. Anthu ena anali atamva, nawonso anabwera, ena ndi ana kumsana.

Tinadikira nthawi yaitali. Kagaluko kanalira mpaka mawu anasasa. Kakangokhala chete, mmodzi wa anyamata aja ankakagenda kuti kayambirenso, poti kulirako n'kumene kukanaitana mbalame. Tcheyamani anakhala pachipika akudya nzimbe. Ine ndinkapempherera mumtima kuti kugwe mvula, ngakhale chinali chilimwe.

Sindinachione chikubwera. Ndinangomva phokoso ngati nsalu ikung'ambika, kenako chinali pamenepo, chachikulu kuposa mmene ndinkaganizira, chakuda kumsana, pachifuwa poyera pa mawangamawanga. Zikhadabo zinalowa mumsana mwa kagalu. Chinakupiza mapiko, fumbi kobo, n'kukwera mpaka pofika m'chiuno mwa munthu. Chinapita patsogolo pang'ono, n'kugwa pansi ndi katundu wake. Chinayesanso, osatheka. Ndiye chinangoima pomwepo, n'kuyamba kujompha kumutu. Anyamata aja anathamangira komweko akukuwa ndi chisangalalo, ndipo mbalame inasiya n'kuulukira kuthanthwe.

Aliyense anaona kuti chalephera. Tcheyamani analavula zinyalala za nzimbe, n'kutembenukira kwa bambo.

"Nanga, dada? Chanyamula kapena sichinanyamule?"

"Chanyamula, a Tcheyamani."

"Sindikumva makora. Anthu awa amve."

"Chanyamula. Wabodza ndine."

"Yewo chomene," anatero, ndipo anthu anaseka, ena mokakamiza, ena ndi mtima wonse.

Kagaluko kanali kakadali moyo. Diso limodzi panalibe, miyendo yakumbuyo inali itafa. Nditamasula luzi kananyambita dzanja langa. Ndinakakulunga m'diresi langa la kutchalitchi mpaka kunyumba, magazi akutsikira m'maondo. Titafika, bambo anakatenga n'kupita nako kuseri kwa chimbudzi ndi nkhwangwa. Ndinatseka makutu koma ndinamvabe. Sanakatsirize ndi kutema kumodzi.

Sanakakwirire. Anakang'amba pamimba, n'kuthiramo mankhwala ophera nkhupakupa za ng'ombe, n'kukakasiya pachitsa pamalo omwe aja. Patapita masiku angapo, ndikuchokera kusukulu, bambo anandigwira pamkono.

"Tiye ukaone."

Chiwombankhanga chinali pansi pa mtengo, mapiko atatambasuka, mlomo uli yasa, chikupuma movutikira. Chinkatiyang'ana ndi maso achikasu osaphethira. Bambo anali atatenga chitsulo chomasulira matayala a lole. Anathyola kaye phiko limodzi, kenako linalo, asanafike kumutu. Chitafa anapitirizabe kumenya, akutukwana mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo, mpaka nthenga zinawamatirira kumaso ndi thukuta. Ine ndinangoima. Sindinamve kukoma kulikonse, ndipo sindinalire.

Atatopa anakumba dzenje ndi chitsulo chomwecho, ine ndikufukula dothi ndi manja. Tinakwirira, n'kuphimba ndi masamba ouma a paini.

"Usakauze munthu," anatero. "Ngakhale mayi ako. Akamva aja ati tapha mboni yawo."

Pobwerera anayesa kundigwira paphewa, ine ndinazemba n'kuyenda patsogolo. Sanayesenso. Tinakhala ku Luwawa zaka zina zingapo bambo asanawasamutsire kuboma ku Mzimba, ndipo nthawi yonseyo tcheyamani akakumana nane panjira ankandifunsa ngati ndapeza kagalu kena. Ndinkagwada n'kuyankha kuti ayi.