Ndinaphika Miyala Sabata ya Mgonero

Ee, ndinaphikapo miyala ine! Ndinaiphika ku Usisya, dzuwa lili pamutu, ndipo khadi langa la mgonero linatsala pang'ono kupsera pamoto womwewo.

Amuna anga anakhalitsa ku Joni. Anabwerako ndi jekete, chifuwa, ndi nkhani. Ankati kumeneko anagwira ntchito ziwiri. Yoyamba inali yophika miyala yakuda m'ng'anjo zotseka, utsi wake n'kumayenda m'mapaipi, ukazizira n'kusanduka mafuta. Yachiwiri inali yophika mchenga. Mchenga woyera, makala a malasha, utuchi, kamchere pang'ono, zonse m'ng'anjo yaitali ngati bwato, magetsi kulowa uku kutulukira uko. Ikazizira ankaswa chikhakha chapamwamba, mkatimo n'kupeza mwala wonyezimira, wolimba, wodya chitsulo. Ya mchengayo anthu ankaivomera, chifukwa kamwala kake anabwera nako m'thumba, ndipo nkhwangwa za mudzi wonse zinanoledwa pakhonde pathu. Koma ya mafutayo, ayi. Pagombe ankawaseka: "Ada, mwala ulibe mabere, mungaukame bwanji?"

Ndiye kunadza chaka chosowa parafini. Sitima ya panyanja ifike, tithamange ndi mabotolo, khadi la chipani m'manja, tibwerere botolo lopanda kanthu. Nyali zokopera usipa zinazima, asodzi anangokhala pansi pa mitengo kusoka maukonde osang'ambika. Amuna anga mtima unawadzuka. Anatumiza mawu kwa msuweni wawo cha ku Chiweta, ndipo pa bwato panatsika matumba awiri a miyala yakuda bii, yosendeka ngati mamba a nsomba.

Anapeza kadiramu, anathiramo miyala yoswaswa, chivundikiro anamata ndi dothi la pachulu. Paipi anadula ku njinga yakufa, anaidutsitsa m'chidutswa cha bwato lakale chodzaza madzi, kumapeto kwake botolo. Zonsezi kuseri kwa munda wa chinangwa, kuopa kusekedwa. Utsi utangoyamba, chifuwa chinawagwira.

"Ama, moto musonkhezere ndinu. Ine ndiziyang'anira patali."

Ine wake ine, kusonkhezera ndikuimba, kuimba ndikusonkhezera! Sindinaganize zimene diso la munthu wodutsa lingaone: mzimayi, diramu, paipi, madzi, botolo, malo obisika. Kwathu zimenezo dzina lake ndi limodzi, kachasu. Ndipo kachasu amatcheza ndi mkazi, mwamuna ntchito yake ndi kumwa.

Anandiona ndi mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, akupita kukavuula chinangwa chake. Moni sanandipatse. Lachinayi mkulu wa mpingo anayenda khomo ndi khomo kugawa makadi a mgonero, khomo lathu analilumpha. Amayo! Wopanda khadi sayandikira tebulo la Ambuye, amakhala kumbuyo ndi ana, mlandu wake n'kupita kubwalo la akulu. Ine woyambitsa nyimbo kumbali ya azimayi, bulauzi yanga yoyera ndiipinde ndiiike m'sutikesi? Tsiku limenelo ndinawapitira amuna anga.

"Ada, miyala yanu yandidyera khadi."

"Asiyeni abwere, adzaone nzeru za ku Joni."

"Nzeru zake ziti? Masiku atatu, m'botolo muli madzi onunkha okhaokha!"

Lachisanu m'mawa botolo linayamba kulandira zina. Dontho, dontho, zakuda, zolemera, zoyandama pamwamba pa madzi aja. Amuna anga anavina ndi chifuwa chawo chomwecho. Akuvina choncho, chinangwa chinagwedezeka, mkulu wa mpingo uja n'kutulukira, mlamu wanga ali pambuyo. Mkuluyo anali mphunzitsi wopuma, wamtali, tayi pakhosi ngakhale kutenthe bwanji, Baibulo kukhwapa.

"Timuwoneni, ama."

"Yewu, ada."

"Ndamva kuti mwatsegula fakitale."

"Fakitale ndi ya amuna anga, ada. Ine ndine wankhuni chabe."

"Onse amatero," anayankha mlamu. "Ndinaona ndi maso angawa. Nyimbo ya Mulungu pakamwa, moto wa Satana m'manja."

Mkulu anati bwalo likhala masana omwewo, choncho diramu litsegulidwe aone za mkati. Amuna anga anaima patsogolo pake manja tambasu.

"Ada, ili silitsegulidwa likutentha. Mpweya ukangolowa, tonse pano tichoka opanda nsidze. Lizizire kaye mpaka mawa."

"Mawa n'kutali. Mayina ndikupereka lero."

Ndinathamanga kukatenga miyala yotsala m'thumba, ndinaigwetsa pamapazi awo. Mlamu anaikankha ndi chala chakuphazi.

"Iyi ndi yophimbira pamwamba. Pansi pali madeya ndi shuga."

"Nanga kachasu amakhala wakuda chonchi, alamu?"

"Wapserera. Simutha kutcheza, mwangoyamba kumene."

Amuna anga anati asonyeze poyera kuti ndi mafuta. Anaviika kansanza m'botolo, anakayandikiza pamoto, lawi bvuu! Ankayesa awina mlandu, kumwetulira mpaka kukhutu. Koma mlamu analumpha m'mwamba.

"Wayaka! Mwaona, ada? Ndi mmene amayesera kachasu wabwino. Umenewo ndi mutu weniweni, waukali woyamba kudontha uja!"

Ndinakhala pansi padothi lotentha, ndinati basi, bulauzi yapita. Mkulu anatenga botolo, ananunkhiza, anakwinya mphuno.

"Fungo si lake. Koma fungo limanama, ena amathira zinthu."

Anayang'ana ine, anayang'ana mlamu, anayang'ana kumwamba kuona dzuwa pamene lafika. Kenaka anapereka Baibulo kwa amuna anga kuti awagwirire. Anathira pang'ono m'kachitsekerero ka botolo, anatsinzina, kwiti!

Ee, Ambuye wachifundo! Munthu wamkulu anapindika pakati. Kulavula, kutsokomola, misozi chuchuchu, tayi kulowa m'madzi a m'bwato muja. Anathyola tsamba la chinangwa n'kumapala nalo lilime.

"Madzi! Ama, madzi! Uyu si kachasu! Kachasu amatsika bwinobwino, amakafunditsa pachifuwa apa, pakamwa n'kusiya poyera. Izi ndi phula lomatira bwato!"

Amuna anga anasisita Baibulo lija, n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Ada, kodi kusukulu ya uphunzitsi amaphunzitsanso zimenezo?"

"Ndinali mnyamata! Ndisanabatizidwe!"

"Ayi, sitikutsutsa. Mwakumbukira bwino, zaka zonsezi."

Mlamu anafuna kuseka, anakumbukira kuti mlandu wamugwera, anatseka pakamwa ndi chitenje. Ine kuseka ndi kulira zinatulukira pamodzi, sindinadziwe choyamba ndi chiti. Mkulu anatsuka m'kamwa katatu, analanda Baibulo lake, anatsegula pakati. Khadi langa linali momwemo. Anandipatsa ndi chala chamafuta, chidindo chakuda n'kutsala pakona.

"Ama, pepani. Koma chonde, pophika miyala muziphikira pabwalo, anthu aziona."

Ndinalandira ndi manja awiri, ndinagwada, ndinadzuka, nthungululu mpaka mbuzi za mlamu zinabalalika!

Mafuta aja? Matumba awiri a miyala, nkhuni mulu wonse, kunatuluka theka la botolo. Tinathira m'koloboyi, utsi unadetsa denga ndi mphuno zathu. Msodzi mmodzi ananyamula botolo lija kuyang'ana padzuwa, anati nyali yake si chimbudzi. Amuna anga sanadandaule. Anthu anali ataona kuti mwala umakamidwa, zinawakwanira, ndipo pagombe anasiya kuwaseka.

Lamulungu ndinavala zoyera, mbee! Mkulu uja anaima pakhomo kulandira makadi, milomo itasendeka. Anatenga langa osandiyang'ana kumaso. Mlamu anadzakhala pambali panga penipeni, n'kundigunda ndi chigongono.

"Alamu, nanga inu mukanandiona ine kuseri kuja, simukananena?"

"Ndikananena, alamu. Ndikanathamanga kuposa inu."

Ndiye ndinaimirira kuyambitsa nyimbo. Ndinaitengera pamwamba kwambiri, chimwemwe chinandinyenga, azimayi anzanga anafika pakati n'kulephera kukwera. Tinaima, tinasekera m'mipango, ndinayambiranso pansi.